Nyumba ya Eni Ikutha

4 Meyi
Mwini nyumba wabwera lero, mimba patsogolo, nyuzipepala m'manja. Akuti boma latopa ndi nyumba zosatha. Wosamaliza kumanga pofika Disembala amulanda malo n'kupatsa ena, kuti anthu apeze pokhala. Ife chaka chachinayi tili m'nyumba yake yosathayi, osalipira lendi, kungomulondera njerwa ndi mafelemu. Chofolera ndi chipinda chimodzi, m'mawindo muli masaka. Ikatha tituluka. Sananene, koma ndamva.

19 Meyi
Simenti yafika. Zaka zonsezi kulira kuti mapulani agona ku ofesi, zipangizo zakwera mtengo, madzi sanafike. Boma litangokhosomola, thumba lamasuka. Ntchito yomangayo wapatsa bambo a ana anga. Sindikudziwa ngati ndiseke kapena ndilire.

2 Juni
Ndawapempha kuti azimanga pang'onopang'ono. Andiyang'ana ngati ndawatukwana. "Mmisiri wozengereza saitanidwanso, mayi." Akudzithamangitsa okha, mwaluso, levulo yoyezera khoma m'manja. Msana ukundiwawa ndi kutunga madzi a matope.

28 Julayi
Malata onse akhomedwa. Magalasi aikidwa. Mzime wathu wasankha kale chipinda chake, choyang'ana kumsewu, ndipo amasesamo m'mawa uliwonse. Sindinamuuze kuti tituluka.

15 Seputembala
Tsiku lonse kufunafuna nyumba ya lendi. Paliponse n'podzaza. Pamene pali malo, mtengo wake ngati ukugula. Kwina mayi wina anangowerenga ana anga n'kutseka geti. Kwa alamu anandilandira bwino, tiyi ndi nkhani zambiri, koma za chipinda anangoyang'ana kudenga. Mapazi atupa.

9 Novembala
Mvula yoyamba masana ano. Sindinathamange ndi mabeseni. Ndinangokhala pansi pouma n'kumamvetsera. Kukoma kwake! Kenako ndinalira, osadziwa kuti ndikwiyire ndani. Bambo a ana akupaka penti, sakundiyang'ana m'maso.

21 Novembala
Olowa apezeka, banja la ana awiri. Anthu aulemu, sindingawade. Makiyi akufunika Lolemba.

Ndinakumbuka nyumba ina yosatha kuseri kwa msika, yomera udzu m'kati. Ndinati ndikapemphe kuti tizilondera kumeneko. Ndinapita ndi mzime, akundifunsa njira yonse kuti tikupita kuti. Kufika, lole ikutsitsa malata. Pakhomo mayi wina, khanda kumsana, ziwiya zomanga kale m'nsalu. Ndisanatsegule pakamwa, anandifunsa ngati kumene tikukhala kuli chipinda chotsala.