Kalata ya Elifasi Yawerengedwa ku Boma

Kabudula, 9 Ogasiti 1952

Asuweni anga a Gidiyoni,

Ndikupatsani moni kuchokera kuno kumudzi. Muli bwanji ku Bulawayo? Ife tadzuka, koma mawondo okha.

Mukudziwa kuti ndimafuna kubwera miyezi iwiri kudzaona mdzukulu wanga, mwana wa Elifasi. Zonse zimene amafuna ku boma ku Lilongwe ndinachita. Katemera wa nthomba anandicheka, mkono unatupa ngati dzungu. Chithunzi ndinajambulitsa, ndatuluka ngati ndameza tsabola. Chala ndinadinda. Inatsala kalata yondiitana, ndipo Elifasi anatumiza yachizungu. Ndinaisunga mumpango, ndikuionetsa kwa aliyense wa ku Nsaru kuti onani, mwana wanga amalemba chizungu.

Lachiwiri kalaliki wa ku boma anaiwerenga, nandiyang'ana. Akuti, "Mayi, bwana wanuyu mwamugwirira ntchito zaka zingati?" Ndinati bwana wake uti? Anandimasulira pamaso pa anthu. Elifasi walemba kuti ndine wantchito wa kwawo, ndikubwera kudzalera mwana. Mawu oti mayi mulibemo.

Asuweni, inu mumadya nawo kunyumba kwake. Kodi Elifasi anamuuza mkazi wakeyo kuti amake ali kuti? Kapena anamuuza kuti ndina... Ayi, ndisalembe.

Chitupa cha ulendo chatuluka, chili pano. Sindinamange katundu. Mukamuona Elifasi musamukalipire, mungomufunsa kuti wantchito uja abwere ndi tsache lake, kapena akalipeza komweko?

Mundipsompsonereko mwanayo, iye sanalembe kanthu.

Ndine msuweni wanu,
Nangondo