Khutu Lamanja la Mpongozi Wanu

Okondedwa amayi,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji kumeneko, nanga bondo lija likukuvutanibe? Akundilembera ndi atelala oyandikana nawo nyumba, ndawauza alembe momwe ndikuyankhuliramu.

Kuno sikuli bwino. Mpongozi wanu ali m'chipatala. Bala la opaleshoni lija silinapole, likutuluka mafinya, thupi kutentha ngati mbaula. Anamupatsa mankhwala oyamba, osathandiza. Ena, chimodzimodzi. Adokotala atayeza mafinyawo anandiuza kuti tizilombo take ndi tozolowera mankhwala, mtundu umodzi pawokha sungatiphe. Ndiye pano akuphatikiza mitundu iwiri m'diripi. Akuti wina umaboola chikopa cha kachilomboko, winawo n'kulowera pomwepo. Sukulu yanga mukuidziwa, ndangonena momwe ndinamvera.

Koma amayi, chikundiopsa ndi ichi. Akuti mwa mankhwala awiriwo, amodzi nthawi zina amagonthetsa makutu. Ndinafunsa ngati sangawachotse, anati pa tizilomboti palibenso ena, tikasiya titha kutaya munthu. Ndinavomera. Nanga ndikanatani?

M'mawa uliwonse anamwino amaima kumbuyo kwake n'kumanong'ona mawu kuti iye abwereze. Poyamba mpongozi wanuyo ankaseka, akuti woyenera kuyezedwa ndine, poti kunyumba akandituma sindimva. Dzulo atamunong'oneza kumanzere, sanatembenuke. Akuti m'khutumo mukungolira ngati mwalowa udzudzu. Ine ndinakhala pansi pasimenti pomwepo. Adokotala achepetsako mlingo, magazi akuyezanso. Kutentha kwa thupi kwayamba kutsika, zimenezo ndiye zabwino. Atelala, lembani ndithu kuti zabwino, amayi angadandaule kwambiri.

Pempho langa ndi limodzi. Munatumiza uthenga kuti Kambalame wathu wayamba kuyankhula. Amayi ake sanamumvepo, poti tinamusiya kwa inu akukwawa. Kalatayi ikangofika, musadikire Lamulungu, mupite naye kwa aphunzitsi ali ndi foni aja, mutiyimbire. Anene chilichonse, kaya amama, kaya dzina la galu. Akachita manyazi, olo angolira, ndi mawu omwewo. Ine foniyo ndidzayika kukhutu lake lamanja.

Moni kwa amalume, achemwali ndi alamu anga. Apongozi anga musawauze za makutuzi, ndidzawauza ndekha mtima ukakhala pansi.

Chonde fulumirani amayi, lamanjalo likadamva.

Ndine mwana wanu wachisamba,
Bambo a Kambalame