Mtedza wa Phala la Yamiko

Makhanga, Nsanje
12 Meyi 2024

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Zombako. Kuno madzi akuphwa, tilipo.

Mdzukulu wanu Yamiko anakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi pa 9 Epulo, ndipo tsiku lomwelo ndinamuyambitsa phala. Kusikelo anati phala lisakhale lamadzimadzi, tizithiramo nsinjiro. Ndinali ndi ndowa imodzi ya mtedza wosaswa, imene ndinaipulumutsa padenga madzi atasefukira. Ndinawerengera kuti ndikamathira masupuni awiri patsiku, umufikitsa Okutobala.

Pa 21 Epulo bambo ake a Yamiko anaukweza mtedzawo m'bwato. Nditafunsa anati, "Iwe, mwana ali ndi bere, akusowanji?" Tsopano phala ndi la mgaiwa ndi mchere basi. Mwanayu ankalemera makilogalamu 7.1, koma pa 7 Meyi sikelo inaonetsa 6.8. Anamwino anakalipira ine pamaso pa amayi anzanga. Ndinangoti pepani.

Opalasa bwato akuti mtedzawo unatsikira ku Bangula. Akutinso kumeneko kuli mwana wina amene anayamba phala mwezi womwewo wa Epulo. Ine sindinafunse zambiri. Inu amene munandiperekeza ku banja limeneli, mwina mungafunse.

Ndine mwana wanu,
Anita