Tinaluza Tisanaugunde Mpira

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku South Bend tili bwino, kupatula bondo langa lija.

Yunifolomu munatitumizira ija tinaivala Loweruka ku Indianapolis, koma sinalawe thukuta. Amene amayendetsa ligi yathu ndi bambo wina wa ku Japan. Kwawo anali wosewera mpira, kenako anakhala kochi, pano ndi wa mu ofesi. Anatiuza kuti masewero ayamba thuu koloko. Tinanyamuka nthawi yabwino, koma a Phiri, goloboyi wathu, anati tiyambe tadzera ku sitolo ina ya ku Lafayette Road akagule matemba a madamu awo. Ndi aakulu kwa ine, ndikanawakaniza bwanji? M'sitolomo tinapezamo Amalawi anzathu, ndipo moni wathu mukumudziwa, kufunsana mpaka za agogo a ku Ntcheu.

Tinafika titachedwa ndi mphindi makumi awiri. Bambo uja anatilandira mowerama mwaulemu, n'kutiuza kuti taluza.

A Phiri anati, "Bwana, tachokera kutali ife, tikonsidareniko."

Iye anayankha kuti chiyambireni mpira sanachedwepo, ndipo tikabwerezanso atichotsa mu ligi. Atatero anayamba kumasula maneti yekha.

Chondiwawa n'chakuti a Phiri anabwerera akuseka njira yonse, matemba awo ali pamiyendo.

Mupereke moni kwa amayi, ndipo Mulungu akusungeni nonse. Nsapato munkati mutitumizire zija zisiyeni kaye. Mutumize wotchi, yaikulu ndithu, ndiwaveke a Phiri anthu akuona.

Ndine mng'ono wanu,
Chikondi