Mutu wa Makina Ukwere Ndege

Lachitatu, pa 9 Julayi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno tilipo, kungoti kuzizira kwatipanikiza. Amayi ayambanso zija zovala majuzi awiri n'kumatiseka ife kuti ndife amantha ndi mphepo.

Uthenga wanu ndinaulandira, woti makina osokera nsapato a Bambo mwagula, pamodzi ndi zikopa, masoli ndi guluu wa m'shopu muno. Mwachita bwino, achimwene, Mulungu akuonjezereni. Bambo atamva anavula chipewa, n'kuchivalanso, n'kufunsa ngati tiyi wapsa. Mukuwadziwa, kukondwa kwawo n'komweko.

Tsopano nkhani ya katumizidwe. Ndikudziwa kuti museka mpaka kugwa pampando, chifukwa ndine amene ndinalimbikira pafoni kuti zonse zibwere pa sitima ya pamadzi. Ine mlongo wanu wouma manja, amene ndimadula sopo pakati ndisanamuike kubafa! Lero ndikuti mutu wa makinawo ubwere pa ndege. Sekani kaye, mukatha mupitirize kuwerenga.

Lolemba ndinapita kwa bambo aja amatithandiza kutulutsa katundu, a tayi yofiira aja, ofesi yawo ili pamwamba pa sitolo ya matayala. Akuti sitima njotchipa ndithu, koma katundu wathu ngochepa, sangadzaze kontena, ndiye adikire kaye wa anthu ena. Ikanyamuka, miyezi. Ikafika padoko, mapepala, msonkho, kenako kudikira lole. Ndinawafunsa kuti, "Nanga chaka chino chisanathe afika?" Anakanda m'mutu n'kuti, "Mayi, za sitima munthu salumbira."

Ndege akuti ndi sabata imodzi kapena ziwiri, koma imalipiritsa kulemera, ndipo makinawo ndi chitsulo chokhachokha. Atanditchulira mtengo ndinapempha madzi akumwa. Ndiye tinagwirizana zogawa. Mumasule mutuwo, muukulunge bwino m'bokosi lolimba, ukwere ndege. Miyendo yake yachitsulo ija, zikopa ndi masoli ziyende pamadzi, sizikuthamangira kulikonse. Guluu ndiye musayerekeze n'komwe, ndege imamukana, akuti amayaka. Alamu anu ati akhoma tebulo lamatabwa loti mutuwo ukhalepo kaye, gudumu lake Bambo azipukusa ndi dzanja.

Mwina mukufunsa kuti changu chonsechi n'chachiyani, poti munthu wadikira makina amenewa kuyambira tili ana. Ndakhala ndikuzungulira, achimwene, chifukwa dzanja likukana kulemba.

Maso a Bambo akutha.

Ndinayamba kukayika nditaona zomwe akuchita m'mawa. Akatsegula shopu amakhala pakhomo pomwe pali dzuwa, n'kulowetseratu ulusi m'singano zambirimbiri, kuzibaya pakansanza kuti masana asavutike. Tsiku lina anapatsa mayi wina nsapato yakuda ndi yabulauni ngati peya imodzi. Tinaseka tonse, iwonso anaseka. Koma mwezi wathawu ndinawapeza akuyenda kuchokera pakhomo kupita pabenchi pawo ali chitsinzinire, dzanja likusisita mashelefu. Ndinati, "Bambo, mukutani?" Iwo akuti, "Ndikuona ngati mumapukuta fumbi muno." Ndinathawira kuseri kukalira.

Kuchipatala ndinachita kuwakoka. Adokotala anati matendawa analowa mwakachetechete, zomwe zawonongeka sizibwerera, ndipo mankhwala odontheza angochedwetsa chabe. Za diso la singano, anati chaka chino chikamatha mwina sadzalionanso. Potuluka Bambo anandigwira mkono n'kuti, "Achimwene akowo usawauze, ali ndi ana kusukulu. Makina abwere pamadzi, chitsulo sichiwola."

Ndinavomera ndi mutu, koma mtima sunavomere nawo. Ndikuopa, achimwene. Akaphunzira makinawo maso akadaona, manja adzakumbukira okha ndipo azisokabe. Makinawo akafika mochedwa, Bambo adzangowasisita n'kufunsa kuti ndi amtundu wanji.

Ndiye tamverani. Mukawaimbira musawafunse za maso, angandidye wamoyo. Muwauze kuti m'kontena malo anachepa, kapena kuti akampani ndiwo asankha choncho. Bodza mumalitha, paja muli mwana munauza Bambo kuti nsapato yanu yang'ambika yokha, mpira muli nawo kukhwapa. Firiji ndimafuna ija ndayamba ndaisiya, madzi a mumtsuko amazizira bwinobwino. Mbali yanga ya ndalama za ndege ndikutumizirani ndipo musakane, si kawirikawiri manja angawa amatseguka.

Pakona paja pankakhala wailesi yakufa, Bambo asesapo kale kuti padzakhale makinawo. Amayezapo ndi chingwe, kenako n'kuyezanso ngati pasintha. Kasitomala aliyense akumuuza kuti, "Mudzabwere mudzaone mzere wake, wowongoka ngati wojambula." Dzulo amauza mpaka munthu amene anangolowa kudzafunsa njira.

Amayi akupereka moni, akuti muzivala juzi ndipo pachithunzi chija mwaonda. Iwo akudziwa zonse koma akudzipangitsa kusadziwa, amangosuntha mipando m'njira ya Bambo. Alamu anu akuti musaiwale kuika tizitsulo tonse tomangira mutuwo m'kathumba kamodzi. Ana akuti amalume aikemo maswiti, ine ndawauza kuti ndege imalipiritsa kulemera.

Bambo nawonso akupereka moni. Andipeza ndikulemba, aima kumbuyo kwanga ngati akuwerenga, n'kuti, "Umuuze aponde papepala, mkazi wake alembe mozungulira ndi pensulo, mapazi onse awiri, aike m'bokosi la makina. Nsapato zoyamba n'zake." Chikopa anasunga kale, chabulauni chofewa chija salola munthu kuchigwira. Iwo akuganiza kuti pepalalo libwera pamadzi ndipo nthawi ilipo.

Achimwene, pensulo ayi. Alamu alembe ndi inki yakuda bii, mzere wonenepa woti munthu auone. Ndipo pepalalo muliike m'bokosi la ndege.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Wouma manja uja.