Unyolo wa pabedi

Abambo a mwana,

Pepani simundipeza. Abwana andiitana ku ofesi ndipo sindikudziwa kuti ndibwera nthawi yanji.

Mayi achikulire a m'selo yachitatu, aja ndinkakuuzani kuti akutsokomola magazi, amwalira m'mawa uno kuchipatala. Za matenda awo ndinalemba m'buku la malipoti katatu konse, yankho n'kumangoti galimoto ilibe mafuta. Atawatengera kuchipatala dzulo, wowalondera ndinali ine. Lamulo limati mkaidi amangidwe unyolo kubedi. Munthu wolephera kukweza ngakhale kapu akanathawira kuti? Ndinawamasula, ndipo mnzanga amene anabwera m'mawa kudzandilandira ntchito wakandinenera.

Ndiye akundiitanira unyolowo. Za masabata atatu amene mayiwo anagona pasimenti palibe akufunsa. Ndikudziwa munena kuti ndiugwire mtima. Ndiyesetsa, koma akati ndisayine zoti anadwala mwadzidzidzi, sindisayina. Akandiimitsa ntchito nyumba ino atilanda, choncho makatoni ali kuseri kwa chitseko musawataye.

Mwana mukamutenge kusukulu. Yunifolomu yanga ili m'beseniyo ili ndi magazi, musaikhudze. Ndichapa ndekha, paja kuchapa kwanu n'kongonyowetsa.

Masana kubwera mwana wamkazi wa malemuwo. Ndamuimbira ndekha n'kumulozera kuno, chifukwa pageti angomubweza kuti lero si tsiku loona akaidi. Mumupatse mpando ndi madzi, andidikire. Akafunsa mmene amayi ake apitira, mumuuze kuti sanali okha, ndinawagwira dzanja mpaka kutsirizika.

Ndine wanu yemwe uja, wamakani