Mawu amaloweza, koma kulemba n'kumene kwakanika

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wa Chingelezi, chaka chino n'changa choyamba. M'kalasi mwanga muli ana 74, atatu pa desiki imodzi. Amene ankaphunzitsa kalasiyi ndi amayi ena omwe pano ndi akulu a gawo lathu, ndipo ine ndemwe ndinadutsa m'manja mwawo. Anandisiyira kope lawo la mawu. Lolemba ndimalemba mawu makumi awiri pa bolodi, ana amakopera ndi matanthauzo ake, Lachisanu mayeso. Amakhoza zedi.

Tsono ndinawapatsa chimangirizo cha tsiku limene sadzaliiwala. Ambiri anathera pa mizere itatu. Mtsikana wina amene salakwa mayeso a Lachisanu anapereka pepala loyera. Nditalitembenuza, kuseri kunali kodzaza m'chinenero chathu: tsiku limene bambo ake analongedza zovala n'kuchoka pakhomo. Nditamufunsa anati, "Madamu, mawu a m'kope aja ndimawadziwa, koma palibe okamba za kwathu."

Ndinawafotokozera akulu aja. Anangoti, "Mwana wanga, kope lomwelo ndi limene linakufikitsa pano." Sabata yamawa adzaonerera phunziro langa, ndipo lipoti lawo ndi limene linene ngati ndipitirize ntchito. Nditani?

E.T.

E.T.,

Kopelo musataye, koma mawu makumi awiri pa sabata achuluka. Tengani asanu okha, ogwirizana ndi zimene ana akufuna kulemba. Mwana ayambe wanena chiganizo pakamwa kwa mnzake wa pa desiki asanagwire cholembera. Akatero alembe ndime imodzi, tsamba lidzabwera m'tsogolo. Pochonga musafiiritse pepala lonse. Ana 74 simungawakonzere zonse, ndiye sabata iliyonse limbanani ndi cholakwika chimodzi.

Mtsikanayo mukhale naye pa nthawi yopuma. Asankhe yekha ziganizo zisanu m'nkhani yake, inu muzingomupatsa mawu achingelezi amene akusowa.

Akulu aja musawadzidzimutse pa tsiku lodzaonerera phunzirolo. Pitani mawa, muwapemphe akusankhireni okha mawu asanuwo m'kope lawo. Kudzawavuta kunyoza phunziro limene aikapo dzanja.

Koma samalani apa. Pepala la mtsikanayo musaliwerenge m'kalasi, ndipo musalionetse kwa akuluwo pofuna kupambana mkangano. Analemba kuseri dala. Mukaliulutsa, mwana ameneyo sadzakulemberaninso kanthu, m'chinenero chilichonse.